Bowo la msomali pa lamba wa chishalo

Pansi pa bedi la agogo anga aakazi, kumudzi kwathu kumapiri a m'malire a Dowa ndi Ntchisi, pali sutikesi yachitsulo. Loko wake anafa ine ndisanabadwe, ndiye chimene chimaigwira kuti isayasame ndi lamba wachikopa, wakuda bii, wautali kuposa lamba aliyense wa thalauza. Ndili mwana ndinkangodziwa kuti lambayo sagwiridwa. Ukangomukhudza umamva, "Siya! Ndi wa hatchi ya atate ameneyo."

Chaka chino, nditapita kukawaona anthu atatha kukolola, anandituma kuti ndikoke sutikesi ija. Anamasula lambayo okha n'kumuika pamiyendo panga.

"Amuna anga," anatero, monga amanditchulira akafuna kundinyengerera, "paja mumalemba zinthu pa foni yanuyo. Mulembe kuti atate anga ankakwera hatchi. Ana a pano amayesa ndimanama. Ine dzuwa lapendeka, ndikapita nkhaniyi ifera m'sutikesimu."

Ndinavomera msangamsanga, koma mumtima munali chintchito. Mbiri ndinaiphunzirako, ndipo ndinkadziwa kuti kumapiri kwathu kuno hatchi inali nyama yosowa ngakhale kwa azungu amene. Nanga mwana wa m'mudzi, wobadwa cha m'ma 1890, amene banja lonse limadziwa kuti ankanyamula machila, akanaikwera pati? Kulemba bodza sindikanatha. Kuwauza agogo kuti atate awo sanakwerepo kanthu, sindikanathanso. Ndinangopempha kuti andibwereke lambayo sabata imodzi.

Lamba wake ndi wotani

Nditamuyeza ndi tepi ya atelala ndinapeza masentimita 142 m'litali ndi 2.5 m'lifupi, kapena kuti inchi imodzi. Mbali imodzi kuli chitsulo chomangira chokhala ndi dzino lake. Mbali inayo kuli mabowo 12 ondandalikana bwinobwino, motalikirana mofanana, ndipo pambali pa ena manambala odindidwa akuonekabe. Kupitirira bowo la 12, chakumbali ya chitsulo, pali bowo lina la 13. Limeneli ndi lokhota pang'ono, m'mphepete mwake ndi mopserera. Aliyense amene anawonjezerapo bowo pa lamba wa yunifolomu ya kusukulu alidziwa bowo lotere. Ndi la msomali wotenthetsa pamoto.

Mawu akuti chishalo ambirife tinawadziwira pa njinga, koma eni ake enieni ndi nyama zokwera. Chishalo cha hatchi chimakhala ndi zitsulo ziwiri zopondapo, china uku china uku, ndipo chilichonse chimalendewera pa lamba wake. Lambayo amachokera pamwamba, n'kutsika kukalowa m'chopondera, n'kukwera, n'kukoleka pa kachitsulo ka m'mbali mwa chishalo, kenako n'kubwerera m'chomangira chake. Munthu akamakwera, thupi lake lonse limalemera pa lamba mmodzi wa kumanzere. Akamathamangitsa nyamayo ataimirira pang'ono, malamba awiriwo ndi amene amamunyamula. Lamba akaduka pamenepo, munthu amagwa chamutu. N'chifukwa chake okwera amasankha lamba ameneyu mosamala kuposa mmene amasankhira chishalo chonyezimira.

Anthu anakwera mahatchi zaka zambirimbiri miyendo ikungolendewera. Zopondera ziwiri monga tikuzidziwa lero zinayamba kuoneka ku China cha m'zaka za m'ma 300 Yesu atabadwa, ndipo ku Ulaya zinafika cha m'ma 500 ndi 600 ndi anthu okwera mahatchi otchedwa Avar. Pofika nthawi ya atsamunda, tauni ya Walsall ku England inali itatchuka ndi ntchito yosoka zishalo ndi malamba ake, moti mpaka lero timu yawo ya mpira imadziwika ndi dzina la osoka zishalo. Lamba wa manambala ngati wa agogoyu ndi wa mtundu wa zishalo za Angelezi. Kuti anabwera ndi mzungu, palibe chotsutsa. Funso langa linali lakuti analendewera pa nyama yanji, ndipo ndani anapondapo.

Chimene chinkapha mahatchi

Tiyambire pa dziko lenilenilo. Ukaima pa Mvera n'kuyang'ana kum'mawa, dziko limatsika mpaka kunyanja, kumene sikufika mamita 500 pamwamba pa nyanja yamchere. Ukatembenukira kumpoto chakumadzulo umaona mapiri okhaokha, Kongwe, kenako phiri la Ntchisi la mamita pafupifupi 1,700. Kumtunda kuno kumazizira, ng'ombe zimakhala bwino. Koma kalelo katundu yense wochokera kunja ankatsikira pa doko la Domira Bay, ndipo pakati pa dokolo ndi mapiri panali tchire la kashembe.

Kashembe ndi ntchentche yoluma imene imanyamula tizilombo ta m'magazi. Mwa munthu tizilomboti timayambitsa kaodzera. Mwa ziweto timayambitsa nthenda imene Azulu ankaitcha nagana. Njati, ntchefu ndi njiri zimakhala nato tizilomboto koma osadwala. Ng'ombe imaonda pang'onopang'ono, pomwe hatchi sichedwa n'komwe.

Amene anatsimikiza zimenezi ndi dokotala wa asilikali a Britain, David Bruce, pamodzi ndi mkazi wake Mary, amene ankagwira naye ntchito pa makina oonera tizilombo. Mu 1894 anatumizidwa ku Zululand, ndipo anakhala pa phiri la Ubombo. Ankatenga mahatchi abwinobwino pamwamba pa phiri, n'kutsika nawo kuchigwa cha kashembe kwa maola ochepa, osawalola kudya kapena kumwa kanthu kumeneko, n'kubwerera nawo. Mahatchiwo ankadwalabe. Ankagwiranso ntchentchezo n'kukwera nazo kuphiri kuti zikalume hatchi imene sinatsikepo, nayonso n'kudwala. Apa zinaoneka kuti vuto silinali udzu kapena madzi, koma kuluma kwa ntchentche.

Chimene ambiri a ku Dowa sitidziwa n'chakuti Bruce yemweyo anadzakhala kwathu kuno. Kaodzera atabuka m'midzi ya kufupi ndi Domira Bay, bungwe la asayansi la Royal Society la ku London linatumiza gulu lofufuza, ndipo msasa wawo anaumanga pa phiri la Kasu, kufupi ndi Mvera. Anakhalapo kuyambira 1912 mpaka 1914, akupima magazi a anthu, a ziweto ndi a nyama zakutchire. Kuti akatswiri otere achoke ku Ulaya n'kudzamanga msasa pakhomo pathu, ndiye kuti kashembe anali atavuta zedi m'munsi mwa mapiriwa.

Mdani wachiwiri anali nthenda ya mahatchi okhaokha ya mu Africa, imene imafala ndi touluka ting'onoting'ono toluma madzulo ndi m'mamawa, makamaka nyengo ya mvula. Ikalowa m'khola imatha kupha mahatchi 9 pa 10 alionse. Ku Cape, m'zaka za 1854 ndi 1855, inapha mahatchi pafupifupi 70,000. Koma tamverani apa: bulu nthenda imeneyi samuopsa kwenikweni. Amatha kuitenga n'kuchira. Kashembe amamupha ndithu, koma kumtunda kopanda kashembe bulu amakhala zaka.

Ndiye mukaona Abasotho a ku Lesotho ali pa mahatchi atafunda mabulangete awo, musaganize kuti makolo athu anali opusa. Abasotho anayamba kupeza mahatchi m'zaka za m'ma 1820 ndi 1830, nthawi ya Moshoeshoe, ndipo mapiri awo ndi ozizira, opanda kashembe. Angoni a Zwangendaba anachoka kumwera komweko, n'kuoloka Zambezi mu 1835, koma anafika kuno wapansi, chikopa kumanzere, nthungo kumanja. Ankhondo a Chiwere amene anakhazikika ku Dowa, amene anachititsa Achewa ambiri kuthawira m'nkhalango ya pa phiri la Ntchisi, nawonso ankathira nkhondo ndi miyendo yawo. Njira yonse yochokera kumwera inali yodutsa m'zigwa zimene hatchi sikanapulumukamo.

Amene ananyamula m'malo mwa hatchi

Mu 1889 Andrew Charles Murray ndi Theunis Vlok a mpingo wa Dutch Reformed wa ku Cape anatsegula mishoni pa Mvera, m'dziko la Chiwere. Mu 1894 Robert Blake anatsegula ina pa Kongwe, kwa Msakambewa, pamene lero pali sekondale yotchedwa dzina lake. Pambuyo pake kunabwera Chinthembwe ku Ntchisi. Anthu amenewa kwawo anakulira pa hatchi ndi pa ngolo za ng'ombe. Kuno anapeza kuti zimenezo sizitheka. Chimodzimodzi azungu a boma pa Dowa, ndi amalonda.

Nanga mabokosi a mabuku, nsalu, mchere ndi zitsulo zinkakwera bwanji zitunda zija kuchokera ku Domira Bay? Pamutu pa anthu. Nanga mzungu mwini? Pa machila: nsalu yolimba yomangidwa ku mtengo wautali, iye n'kugonamo, amuna awiri n'kuika mtengowo paphewa, gulu la amuna oposa 10 likuthamanga pambali kuti lizilandirana. Sikuti ankakonda ntchitoyo. Boma la atsamunda linaika msonkho wa nyumba wa mashiling'i 3, ndipo mu 1901 linaukweza kufika pa 6 kwa munthu amene sanagwireko ntchito kwa mzungu mwezi umodzi. Kwa mnyamata wa kumapiri kuno, kumene kunalibe minda ikuluikulu ya azungu ngati ku Thyolo, ntchito yapafupi inali mtengatenga.

Nkhondo ya 1914 mpaka 1918 inafikitsa zimenezi pachimake. Asilikali a Britain ndi South Africa analowa ku German East Africa ndi mahatchi ndi nyulu zikwizikwi, ndipo kashembe ndi nthenda ija zinazipulula. Katundu amene nyamazo zikananyamula anagwera pa anthu. Amuna pafupifupi 200,000 a ku Nyasaland anatengedwa kukakhala amtengatenga, ambiri mokakamizidwa, ndipo ochuluka sanabwerere.

Nditafika pamenepa ndinaima kaye. Ife timati kwathu kunalibe mahatchi, n'kuthera pomwepo ngati nkhani ya nyama chabe. Koma kulemera kumene kumayiko ena kunkagwera pa msana wa hatchi ndi pa lamba wa chishalo, kuno kunkagwera pa phewa la munthu. Mmodzi wa anthuwo anali atate awo a agogo.

Panali nyama imodzi yokha imene inkapeputsako mapewa amenewa kumtunda kuno, ndiye bulu. Azungu ena a mishoni ndi a boma ankayenda pa abulu poyendera masukulu ndi midzi, atawaika chishalo ndi zopondera monga amachitira ndi hatchi. Bulu aliyense ankafuna mnyamata womudyetsa, womutsogolera powoloka mitsinje, ndi wosamala zikopa zake kuti zisaume kapena kuchita nkhungu. Apa mtima unayamba kundiuza kumene lamba uja anachokera.

Amalume awerenga chikopa

Mabuku anandifikitsa pamenepo basi. Kuti lamba alankhule yekha panafunika munthu wodziwa chikopa, ndipo kwathu munthu ameneyo ndi amalume, alongo awo a mayi. Amakhala chakufupi ndi Mponela, ali ndi ngolo, ndipo zingwe zachikopa amapanga okha. Anaphunzira kwa agogo awo omwewo, eni lamba, ali kamnyamata koweta ng'ombe.

Ndinawapeza pansi pa mtengo wa mango. Atangomuona lambayo anaseka. "Mphwanga, amayi akupatsa ameneyu? Ine amene sanandilolepo kutuluka naye panja."

Anamununkhiza kaye. Kenako anamupinda pang'onopang'ono pafupi ndi khutu.

"Chikopa chabwino sichilira ukachipinda, ndipo sichionetsa ming'alu. Taona. Zaka zonsezi, koma chikungogonja."

Zimene anandiphunzitsa tsiku limenelo ndinadzapeza kuti ndi zomwezo zimene osoka zishalo amayang'ana posankha malamba a zopondera kulikonse padziko. Ndizilemba monga anandiuzira.

Choyamba ndi malo amene lamba wadulidwa pa chikopa. Ng'ombe imodzi ili ndi zikopa zingapo, anatero amalume. Cha pamsana, kutsata fupa la msana kulowera kumatako, n'chothinana, sichitamuka wamba. Cha pamimba n'chofewa ngati siponji, ukachikoka chimatalika. Cha pakhosi chili ndi makwinya. Lamba wonyamula munthu amadulidwa pamsana, motsata utali wa nyama. Ukafuna kudziwa, yang'ana m'mphepete modulidwamo. Mukakhala mothinana ngati thabwa la mlombwa, ndi wa pamsana. Mukakhala manyunyu ngati bulangete, musiye.

Chachiwiri ndi kafufutidwe. Azungu akale ankanyika zikopa m'maenje a madzi a makungwa a mtengo wa oak kwa chaka kapena kupitirira, ndipo ku Natal ankagwiritsa ntchito makungwa a wattle. Mafakitale a masiku ano amagwiritsa ntchito mankhwala a chrome, ntchito n'kutha m'masiku ochepa. Chikopa cha mankhwalawa ukachidula mkati mwake mumaoneka motuwa mobiriwira. N'chabwino pa nsapato ndi majekete, koma cha makungwa n'chimene chimagwira bwino bowo osang'ambika. Lamba wa agogo mkati mwake ndi mofiirira ngati tiyi wopanda mkaka.

Chachitatu, chikhale chikopa chimodzi chathunthu, osati tizikopa tiwiri tomatidwa ndi guluu n'kupakidwa utoto pamwamba. "Malamba ambiri a pamsikawa ndi chikomekome cha mkuyu," anatero amalume. "Ukanda ndi chikhadabo, pulasitiki n'kusupuka." Masiku ano kuli malamba ena a zopondera amene mkati mwake amaikamo nayiloni dala kuti asatamuke, ndipo ndi olimba, koma nawonso ulusi wake ukayamba kutha amafunika kuwasiya.

Chachinayi ndi msoko wa pa chitsulo chomangira. Pamenepo ndi pamene imfa imabisala, chifukwa ulusi umaola chikopa chikadali chabwino. Misoko iyende motsata utali wa lamba. Ukasoka modutsa m'lifupi, wapanga mzere wa timabowo ngati wa pa risiti, ndipo lamba adzadukira pomwepo. Apa amalume anandionetsa chinthu chimene ine sindinachione. Msoko wa pa lamba wa agogo suli wa ulusi wa fakitale. Ndi wa mtsempha wa nyama, wosokedwa ndi dzanja, mizere itatu yoongoka. "Dzanja la agogo ili," anatero. "Ndimalidziwa."

Chachisanu ndi mabowo. Akhale pakati penipeni, otalikirana mofanana, kuti miyendo iwiri ilingane. Manambala aja ntchito yake ndi imeneyo. Ndipo popeza munthu amakwerera kumanzere, lamba wa kumanzere amatalika msanga, choncho wodziwa amawasinthanitsa kawirikawiri.

Chomaliza ndi kasamalidwe. Chikopa chikanyowa chiume pamthunzi, osati padzuwa kapena pamoto. Ukachipukuta, uchipake mafuta pang'ono. Amalume amagwiritsa ntchito a nsatsi kapena a ng'ombe. Oyilo wa galimoto ayi, amaoletsa ulusi. Mafuta akachulukanso chikopa chimalobodoka n'kuyamba kutamuka.

Ndinawafunsa ngati nzeru zonsezi agogo awo anazitenga kwa azungu. Anapukusa mutu. "Kufufuta tinali nako kale. Nguwo ankafufuta ndani? Mvukuto wa osula? Ng'oma? Zishango za Angoni ankadula pamimba ngati? Kwa azungu anatengako kasokedwe ndi mayina." Zoonadi, timitengo ta pa goli amalume amati zikeyi, ndipo kachingwe kodutsa kunsi kwa khosi la ng'ombe amati sitolopo. Onsewa ndi mawu a Chibunu, skei ndi strop, amene anangovala zovala zathu. Ngakhale njira yawo yofewetsera zingwe, yodula chikopa mozungulira kuti chituluke chingwe chimodzi chachitali, n'kuchipachika pamtengo ndi mwala wolemera kunsi, n'kumachipota ndi kuchipotolola masiku angapo, ndi yomwe ankachita Mabunu a ngolo.

Bowo la 13

Tsopano tinafika pa nkhani imene inandibweretsa. Amalume anayala lambayo pa thabwa la ngolo.

Pa mabowo 12 a fakitale, limodzi lokha ndi lotamuka ngati diso la mbuzi: lachisanu kuchokera kunsonga. Pamenepo dzino la chitsulo linakhala zaka, likukokedwa ndi munthu wolemera. Bowo la msomali lija nalonso ndi lotamuka chimodzimodzi. Kuchokera pa lachisanu kufika pa la msomali pali masentimita 20.

Ine ndinati mwina bowolo analiboola pambuyo pake, pomangira katundu kapena sutikesi imene. Amalume sanayankhe. Anangotembenuza lamba n'kuloza chapakati pake. Pali mikwingwirima iwiri yakuda, yopindika, pamene chikopa chinaperepeseka. Pamenepo ndi pamene chitsulo chopondapo chinkakhala. Tinayeza, ndipo mikwingwirimayo yatalikirana masentimita 10.

Amene munakonda masamu mwaona kale. Lamba wa chopondera amakhala wopindidwa pawiri, ndiye ukasuntha bowo ndi masentimita 20, chopondera chimakwera ndi 10. Sutikesi singasiye chizindikiro chotere. Bowo la msomali linabooledwa lamba akadali pa chishalo, ndipo wina anapondapo nthawi yaitali mpaka chitsulo chinadya chikopa.

Okwera ali ndi njira yoyezera lamba asanakwere. Umaika nsonga za zala pamene lamba wakolekedwa, n'kutambasula mkono, ndipo chopondera chizifika m'khwapa. Tinamanga lamba pa bowo lachisanu, n'kuwonjezera chikhatho chimodzi m'malo mwa chitsulo chimene chinasowa. Ineyo, wa mamita 1.7, anandipitirira. Ameneyo anali munthu wamtali ndithu. Tinamanga pa bowo la msomali n'kuyeza pa amalume, amene banja lonse limati anatengera msinkhu wa agogo awo. Anafika m'khwapa ndendende.

Akanakhala mwana wa mzungu, lamba akanafupikitsidwa kwambiri kuposa apa. Akanakhala mzungu wamkulu, akanaboola ndi chibowolero chake, osati msomali wa pamoto. Amene anaboola apa anali munthu wamkulu, wamfupi, wa zida za m'mudzi, wodziwa kusoka ndi mtsempha. Amalume anakhala chete kanthawi, kenako anati, "Ankanena kuti bwana akapita kutchuthi kwawo, iwo ndi amene ankayendetsa nyamayo kuti isachite ulesi, n'kumakatenga makalata. Ife tinkayesa nthabwala za okalamba."

"Nyama yanji, amalume?"

"Ankangoti nyama ya bwana."

Chikopa sichinena ngati chinagona pa nthiti za hatchi kapena za bulu. Koma mikwingwirima iwiri yozama chotere imafuna nyama imene inakhala moyo zaka zambiri kumapiri kuno, m'masiku a kashembe ndi nthenda ya mahatchi. Nyama yotero ndi bulu.

Zimene ndinawauza agogo

Ndinabwerera kumudzi Loweruka, lamba atapakidwa mafuta a nsatsi. Ndinakhala pamkeka n'kuwafotokozera zonse, za kashembe, za Kasu, za mabowo. Pomaliza ndinati, "Agogo, kukwera ankakwera ndithu, umboni ulipo. Koma ndikalemba, ndilemba kuti anali bulu."

Ndinkayembekeza kuti akwiya. Anamutenga lamba uja, n'kupeza bowo la msomali ndi chala, osayang'ana n'komwe.

"Ine nyamayo sindinaione, ndinabadwa itapita kale," anatero. "Chimene ndinaona ndi phewa lawo. Lakumanjali linali lolimba ngati chidendene, tsitsi silinkamera. Tikamawakanda kumsana ankati, apa ndi pa machila. Ndiye ngati munthu amene ananyamula anzake paphewa anadzakhalako pamwamba, miyendo ili m'zitsulo, kaya ndi bulu kaya n'chiyani, lembani. Koma za phewazo musasiye."

Sindinasiye, agogo.

Lero mahatchi m'Malawi muno ukawafuna umakawapeza malo owerengeka, monga ku Kande, okwera alendo. Abulu ndiye achuluka. Tsiku la msika pa Mponela kapena pa Madisi mudzawaona akukoka ngolo za chimanga, fodya ndi njerwa. Mukadzawaona, muyang'ane pakhosi. Ambiri amakokera pa goli la ng'ombe, chonsecho bulu alibe linunda. Mphamvu zake zili pachifuwa, ndipo goli limangomutupitsa zilonda. Chimene amafuna ndi lamba wotambalala wodutsa pachifuwa, wosalala mkati, wosokedwa motsata utali. Amalume anayamba kale kuwapangira abulu awo malamba otere, ena achikopa cha pamsana, ena a malamba akale a makina a chigayo atakutidwa ndi nsalu. Akuti anyamata a ngolo amabwera kudzaona, koma wofuna kukhala pansi kuti aphunzire kusoka sanapezeke. Ndawauza kuti mwezi wa Ogasiti ndikubwera ndi singano yanga.

Lamba uja wabwerera pa sutikesi. Pomanga, agogo analowetsa dzino la chitsulo pa bowo lachitatu, chifukwa la 13 anati lipume.